Muuze Munthu Wakoyo

Kunatsala masiku anayi kuti nyumba ya achinyamata itsegulidwe pamene Gilmer anaganiza zomuonetsa Nelita khoma lakumaso.

Nyumbayo anaimanga okha anyamata ndi atsikana a m'mudzi wa Santa Elvira, pamtunda poyang'ana mtsinje wa Ucayali. Matabwa anacheka okha, denga anafolera okha ndi masamba a mgwalangwa. Ankafuna kuti ana aakazi azidzaphunziramo kené, mizere imene akazi a Chishipibo amajambula pansalu ndi pamiphika, chifukwa ambiri zala zawo zinali zitazolowera foni kuposa kamtengo kojambulira. Gilmer ndiye anali wapampando wa gululo. Anakulira m'tauni ya Pucallpa, kumene amayi ake a Griselda ankakhalabe, ndipo anabwerera kumudzi kwa malemu bambo ake a Rufino zaka ziwiri zapitazo, chilankhulo cha makolo chikumuvutabe pakamwa.

Panali patatha miyezi itatu amalume ake atakapereka mawu a ukwati kwa makolo a Nelita. Bambo Abelardo anati za mwana wamkazi zili m'manja mwa amayi ake. Mayi Teolinda anati adzayankha nthawi ikakwana. Gilmer ankadikirabe yankholo, ndipo m'mtima ankaganiza kuti khomalo limuthandiza.

"Tseka maso," anamuuza Nelita.

"Kuti ndigwere m'maenje mwasiyawa? Ndigwire kaye dzanja."

Anamugwira. Nsonga za zala za Nelita zinali zofiirira ndi madzi a makungwa ojambulira nsalu, monga zinkakhalira masiku onse. Atafika anasolola chipulasitiki chimene anaphimbira khoma.

Mizere yakuda yonenepa inayenda kuchokera padenga mpaka pansi, kukhota, kukumana, kusiyananso, pakati pake timitanda ting'onoting'ono. Gilmer anaigwirira ntchito masabata atatu, akuyang'ana chithunzi cha m'foni n'kumayeza ndi chingwe. Anadikira kuti Nelita amwetulire. Nelita anamusiya dzanja.

"Waitenga kuti imeneyi?"

"Pachingwe kuseri kwanu. Panali nsalu zambiri za amayi, ndinazijambula zonse. Iyi ndiyo inaposa. Ndinati alendo akabwera aone dzanja la amayi ako."

"Anasankha ndani? Iwe?"

"Ndinaonetsa Yesenia. Iye ndiye anati titenge imeneyi."

Yesenia anali mlembi wa gulu. Pophunzira sekondale ku Pucallpa ankakhala kwa amayi ake a Gilmer, ndipo mpaka lero ankawaimbira foni Lamlungu lililonse.

"Yesenia," anabwereza Nelita motsitsa. "Nyumba yawo ndi yathu zimamvana kutsokomola. Amadziwa bwino kuti nsalu iyi si yogulitsa." Anausa moyo. "Gilmer, iyi ndi siketi yanga. Amayi anaiona kutulo ndili ndi zaka khumi ndi zisanu, akhala akuijambula pang'onopang'ono kuyambira pamenepo. Ndidzaivala tsiku limene ndidzalowe m'banja. Ine mwini sandilola kuiyang'anitsitsa. Anaiyanika tsiku limodzi lokha chifukwa cha chinyezi."

Gilmer anawerama kuti atole chipulasitiki, koma anali atachedwa. Mayi Teolinda anali ataima panjira, dengu la chinangwa lili kumsana.

Mayiwa ankakonda kumuseka Gilmer. Ankamutcha mlendo wa nsapato zoyera, ankamukonza mawu akawapinda, ndipo chapo, chakumwa chija cha nthochi zakupsa, ankamupatsa ndi dzanja lawo. Tsikuli sanaseke. Anayang'ana khomalo kuyambira pamwamba mpaka pansi, pomwe galu wina anali atagona mutu atatsamiritsa pamzere wotsiriza.

"Gilmer, ukudziwa chimene waika apa?"

"Ndimafuna kukulemekezani, amayi."

"Kundilemekeza," anatero, ngati akulawa mawuwo. Anakonza lamba wa dengu pamphumi n'kupitiriza ulendo. Nelita anawatsatira osacheuka.

* * *

Netiweki m'mudzimo inkagwira pansi pa thanki ya madzi pokha. Madzulo a tsikulo dzuwa lisanalowe Gilmer anaima pamenepo, udzudzu ukumudya akakolo, nalemba.

*Akuti chiyani amayi?*

Yankho linachedwa. *Palibe. Atulutsa nsalu ija, akuyiyang'ana.*

*Akulira?*

*Amayi salira. Bola akanalira.*

*Nanga iwe wandikwiyira?*

*Ndakukwiyira. Koma wadya?*

Anawerenga uthengawo katatu. Asanayankhe anamva fungo la sopo wa m'tauni, ndipo Yesenia anaima pambali pake, foni yake itakwezedwa m'mwamba ngati nayenso akusaka netiweki.

"Ndamva kuti apongozi ako osapsawo akwiya," anatero.

"Unkadziwa, Yesenia."

"Ndinkadziwa kuti ndi yokongola. Si iwe umanena pamsonkhano uliwonse kuti kené isamabisidwe m'mabokosi? Ndiye lero yatuluka m'bokosi, ukunjenjemera."

"Ndikaifufuta mawa."

Yesenia anatsitsa foni. "Uyerekeze. Loweruka kukubwera aphunzitsi a ku Pucallpa ndi anthu a wailesi. Adzajambule chiyani, khoma loyera ngati la chipatala? Khomalo si lako wekha, tonse tinanyamula matabwa. Anzako akamva akuchotsa pampando."

"Andichotse."

"Chifukwa cha mtsikana amene amayi ake akusunga miyezi itatu osakuyankha?" Anaseka pang'ono, koma maso ake sanaseke. "Kuli anthu ena sakanakudikiritsa ngakhale tsiku limodzi. Amayi ako amawadziwa."

Mawa lake m'mawa Yesenia anakwera boti la ku Pucallpa, akuti kukalandira alendo.

* * *

Gilmer anayamba kupaka penti yoyera nkhungu isanachoke pamtsinje. Anayambira pansi, pamene panagona galu paja. Mzere uliwonse ankaukumbukira tsiku limene anaujambula, ndipo dzanja linkalemera. Anzake anabwera m'modzim'modzi. Ena anamunyoza, wina anamulanda burashi n'kuiponya patchire, iye anakaitola n'kupitiriza. Sanawafotokozere kuti nsaluyo inali ya chiyani, chifukwa kutero kukanakhala kuiyanikanso kachiwiri. Pofika masana khoma linali mbee, ndipo panalibe amene ankamulankhula.

Anasamba m'manja, anagula nsomba ziwiri zazikulu kwa asodzi padoko, nalunjika kwa a Nelita.

Mayi Teolinda anali pansi pa chisakasa, miyendo atatambasula, nsalu ina ili pathabwa. Nelita ankasefa chapo mumphika. Gilmer anaima chapatali, anavula kapusi.

"Amayi, ndabwera kudzapepesa. Ndinalakwa kujambula nsalu yanu osapempha. Khoma ndalifufuta, chithunzi cha m'foni ndachichotsanso."

Mayi Teolinda sanadzutse mutu. Anatembenuka pang'onopang'ono, nsalu ndi thabwa lomwe, mpaka anamulozetsa msana.

"Nelita," anatero, "muuze munthu wakoyo kuti nsombazo aike pamasambapo."

Nelita anawayang'ana amayi ake msangamsanga, kenaka anayang'ana pansi. "Akuti uike nsomba pamasambapo."

"Ndamva," anatero Gilmer. Anaziika. "Amayi, ngati pali china chimene ndingachite..."

"Muuze kuti makungwa andithera. Mtengo wake bambo ako amuonetsa. Asasende kuzungulira thunthu lonse ngati mbuli, mtengo ungafe. Muuzenso kuti mawa apite ndi bambo ako kukatenga matope."

Nelita anabwereza zonse. Kenaka mayiwo anatunga chapo m'kapu, ndipo m'malo momupatsa Gilmer monga kale, anaipereka chakumbali kwa mwana wawo. Nelita ndiye anabwera nayo. Gilmer anamwa ataimirira, osamva kukoma kwake.

Pomuperekeza mpaka pamtengo wa mango, Nelita ankangobisa nkhope.

"Afika poti sangathe kundiyang'ana," anatero Gilmer. "Ngakhale dzina langa sakufuna kulitchula. Munthu wakoyo. Ngati galu wolowa m'khitchini."

"Gilmer."

"Undiuze zoona. Kwatha, eti? Akungofuna ndigwire ntchito yolipira mlandu, kenaka andithamangitse."

Masaya a Nelita anali atatentha, ndipo Gilmer anaganiza kuti ndi manyazi chifukwa cha nkhanza za amayi ake.

"Zimenezo sindingakuuze ine," anatero Nelita potsiriza. "Si zoti mtsikana azinena ndi pakamwa pake. Ukafunse abambo mawa." Anamuchotsa kadontho ka penti pakhutu ndi chala. "Ndipo uvale nsapato zina. Zoyerazo matope akazimeza."

* * *

Ananyamuka m'mawa pabwato laling'ono, zidebe ziwiri zili pakati. Bambo Abelardo anali munthu wamfupi wa mano ochepa, wosafulumira pa chilichonse. Anasiya mtsinje waukulu n'kulowa kamtsinje kothina, kenaka kena kothina kuposa apo, mpaka nthambi zinayamba kuwakwapula kumaso. Gilmer ankapalasa kutsogolo mwakachetechete.

"Ukupalasa ngati ukupita kumaliro," anatero bambowo. "Wadwala?"

"Ayi, bambo."

"Ndiye n'chiyani? Dzulo unasiya chapo theka. Mkazi wanga anadandaula."

Gilmer anaimitsa nkhafi. "Anadandaula? Bambo, amayi sakundilankhula. Dzulo anandipatsa msana. Chilichonse akudzera mwa Nelita, ine ndili pompo. Ndikudziwa kuti ndinalakwa, koma bola akanandikalipira."

Bwato linayamba kugwedezeka. Gilmer anacheuka n'kupeza munthu wamkuluyo akuseka mopanda mawu, misozi ili m'maso.

"Iwe ndiye wapampando wosunga mwambo uja?"

"Ndine."

"Mwambo ukusunga uti, mwana wa Rufino? Wa pakhoma?" Anapukuta maso ndi chikhatho. "Tamvera. Apongozi anga, amayi ake a Teolinda, ndinakhala nawo pakhomo limodzi zaka makumi awiri ndi ziwiri. Ukudziwa anandilankhula kangati? Ngakhale kamodzi. Tsiku lina ndikusema nkhafi, njoka inali kumbuyo kwanga. Iwo anaiona. Anakuwa kuti, Teolinda, muuze mwamuna wako adumphe. Teolinda anali kumtsinje, kutali."

"Ndiye munatani?"

"Ndinadumpha. Makutu ndinali nawo."

Gilmer anayesa kuseka koma sizinatheke.

"Mlendo amamuseka," anapitiriza bambowo, tsopano mofatsa. "Amamupatsa chapo ndi dzanja lake, amamutcha mayina, chifukwa mawa apita. Koma mwamuna wa mwana wake samuyang'ana m'maso, samutchula dzina. Ndi ulemu umenewo, ndipo ndi waukulu kuposa umene amandipatsa ine. Masiku ano ambiri anazisiya, koma Teolinda ndi mwana wa amayi ake. Kodi kwanu sanakuuze?"

"Agogo a kuchikazi anamwalira ndisanabadwe. Ku Pucallpa sindinazionepo."

"Eya. Dzulo m'mawa Teolinda anapita kukatunga madzi, anakuona ukufufuta, anzako akukutukwana. Anaima kuseri kwa nthochi mpaka chidebe chinamulemera. Pobwera anandiuza kuti, mwana uja wakwirira ntchito ya masabata atatu popanda womutuma, ndipo sanaulule kwa anzake kuti nsaluyo ndi ya chiyani. Sananenenso china. Anangotulutsa nsalu ija n'kuyamba kudzaza timizere tating'ono tomwe tinatsala."

Bwato linagunda pamatope. Anali atafika pakadziwe kobisika, madzi ake akuda ngati khofi.

"Tsika," anatero bambo Abelardo. "Kumba pansi pa muzu uwo, osati pamwamba. Matope a pano ndi amene amadetsa mizere ya Teolinda mpaka anthu kumafunsa ngati amagula utoto. Malo ano akuwadziwa ndi iye, ine ndi Nelita. Wachinayi ndiwe. Ukadzajambula ndi foni yakoyo, ndidzakumiza pompano."

Gilmer anatsika, anamira mpaka m'maondo. Anakumba ndi manja onse awiri, nkhope atayang'anitsa pansi kuti munthu wamkuluyo asaone maso ake.

"Koma udziwe," anawonjeza bambowo akuyatsa fodya. "Kwathu kuno mwamuna ndi amene amasamuka. Udzamanga kuseri kwathu, pafupi ndi mango aja, udzalima ndi ine. Za kutengera mwana wanga ku Pucallpa uziiwale. Amayi ako akudziwa zimenezo?"

Gilmer anapitiriza kukumba. Amayi ake anali atamukonzera kale chipinda m'tauni, ndipo nthawi zonse akaimba ankafunsa kuti masewera a kumudziwo atha liti.

* * *

Anamupeza Nelita padoko akutsuka nsalu. Ankaiviika m'madzi, matope n'kumachoka, mizere imene dzulo inali yofiirira n'kumatuluka yakuda bii. Atamuona ali matope mpaka m'chiuno anaseka, dzanja lili pakamwa.

"Abambo akuuza?"

"Andiuza. Andisekanso njira yonse." Anakhala pathabwa pambali pake. "Iwe unkadziwa, n'kundisiya ndigone ndi mtima wowawa."

"Unayenera kuwawidwa pang'ono. Siketi yanga yaonedwa ndi agalu a mudzi wonse ine ndisanaivale."

"Ndiye sudzaivalanso?"

"Amayi akuti imene unajambula iwe inali mafupa okha. Akuti mizere yako inali yopindika moti palibe angaizindikire." Anafinya nsalu, osamuyang'ana. "Pamene anati muuze munthu wakoyo, ndinatsala pang'ono kugwetsa mphika. Ndinkaopa kuti ndikakuyang'ana ndilira, ndiye iwe n'kumaoneka ngati akuphera m'bale."

"Ndinkaganiza kuti ndakutaya."

"Ukanditaya n'kupita kuti? Kwa Yesenia?"

"Nelita."

"Ndikungofunsa." Anamuwaza madzi kumaso, kenaka anatenga dzanja lake lamatopelo n'kuyamba kulitsuka chala chimodzichimodzi, mosafulumira. "Udzatha kukhala zaka makumi awiri osalankhulana ndi amayi? Iwe wokonda kuyankha pamisonkhano?"

"Ndidzalankhula kudzera mwa iwe."

"Ndiye usamandikwiyitse. Ndizidzasintha mawu ako panjira."

Madzulo omwewo mayi Teolinda, msana atalozetsa kwa Gilmer, anauza Nelita kuti auze munthu wakeyo kuti khoma loyeralo lisamudetse nkhawa. Asonkhanitse ana aakazi khumi. Mayiwo adzabwera Loweruka kudzawagwira dzanja, ndipo anawo adzajambula okha pamaso pa alendo, aliyense kachigawo kake. Gilmer atakauza anzake, amene anamuponyera burashi uja ndiye anayamba kuthamanga kukaitana alongo ake.

* * *

Loweruka mudzi wonse unatsikira kudoko. Ana khumi aja anaima pamzere atavala masiketi a amayi awo opindidwa m'chiuno. Mayi Teolinda anaima kumapeto ndi Nelita, mkanda uli m'khosi, ndipo Gilmer anasamala kuti asaime moyang'anizana nawo.

Boti linaima. Anatsika aphunzitsi awiri, anatsika mnyamata wa wailesi ndi chikwama chake. Kenaka anatsika Yesenia, atanyamula thumba lomwe Gilmer analizindikira nthawi yomweyo. Yesenia anatembenuka n'kupereka dzanja kwa mayi wina wovala diresi la m'tauni.

Anali amayi ake a Gilmer. Chiikireni maliro a bambo ake anali asanapondeko m'mudzimo.

Mayi Griselda anakwera mtunda atakoloweka mkono wawo pa wa Yesenia. Anamuyang'ana mwana wawo kuyambira kumutu mpaka kumapazi, pomwe zikhadabo zinali zakudabe ndi matope a dzana.

"Ndiye n'zoona," anatero. "Mwana uyu wandiuza zonse m'botimu. Akuti anakufufutitsa ntchito yako pamaso pa anzako, akukutuma ngati wantchito, ndipo mwini nyumbayo sakuyankha n'komwe moni."

"Amayi, sizili choncho. Tiyeni tikakhale kaye pansi, ndikufotokozereni."

"Zimenezo ndikuzidziwa, usandiphunzitse. Ndinabadwira momwemo. Bambo ako anakalamba msanga ndi kulimira eni, n'chifukwa chake ndinakutulutsa kuno uli wamng'ono." Anatembenukira kwa mayi Teolinda. "Teolinda, mwana wanga sindinamuphunzitse sukulu kuti azikukumbira matope. Amalume ake anabwera kwanu ine osavomera. Mawu amenewo ndadzawatenga, ndipo boti likamabwerera mawa, iye akwera nane."

Yesenia anayang'ana kumtsinje. Nelita anagwira m'mphepete mwa bulauzi ya amayi ake ngati mwana wamng'ono.

Mayi Teolinda anayang'ana mayi Griselda m'maso nthawi yaitali, kenaka anapotoloza mutu pang'ono, kumbali kumene kunalibe Gilmer.

"Nelita," anatero mosakweza mawu, "muuze munthu wakoyo ayankhe amayi ake. Ife tikumvetsera."